Kodi muthire oyilo m'paipi ya strut posintha katiriji ya shoko?

Funso: Ndili ndi galimoto yakale yomwe mashoko ake akutsogolo ndi a mtundu wa strut, aja umamasula nati yaikulu pamwamba n'kusolola zam'kati. Ndagula makatiriji atsopano, pabokosi alemba kuti insert. Nditamasula strut yoyamba, m'paipi munatuluka oyilo wakuda wambiri ndithu. Makaniko wina akuti ndithiremo oyilo ndisanalowetse katiriji yatsopano, wina akuti ndikatero ndiononga. Zoona ndi ziti? Ngati n'kuthira, oyilo wake ndi uti, nanga wochuluka bwanji?

Yankho: Akulu, amakaniko anu onse awiri akhoza kukhala kuti akunena zoona, kungoti aliyense ali ndi katiriji ya mtundu wina m'mutu mwake. Ngati mwagula katiriji wamba, ija ya mapaipi awiri m'kati yomwe ndodo yake ndi yowonda, thiranimo oyilo pang'ono, mamililita 30 mpaka 50. Ngati mwagula yozondoka, ija ndodo yake imaoneka yonenepa kwambiri, musathiremo ngakhale dontho. Ndipo pepala lomwe labwera m'bokosi likanena zosiyana ndi zimene ndalemba pano, mverani pepalalo, chifukwa amene anapanga katirijiyo ndi amene akudziwa m'kati mwake. Koma ndikufuna mumvetse chifukwa chake, kuti mukaimirira pafupi ndi paipiyo mudziwe nokha chochita.

Tiyambe ndi oyilo wakuda amene mwamuona uja. Strut ya mtundu umenewu imatchedwa MacPherson, potengera dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America amene anagwira ntchito ku General Motors kenako ku Ford. Inayamba kufala pa Ford Consul ndi Ford Zephyr kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Nzeru yake inali yoti shoko isamangoletsa galimoto kudumphadumpha, koma ikhalenso mwendo wogwira tayala ndi kunyamula sipuling'i. N'chifukwa chake paipi yakunja ija ndi yochindikala komanso yolumikizana ndi chitsulo chomwe chimagwira tayala. Pagalimoto zambiri zakale, monga Datsun 510, Datsun 240Z, ma Corolla a m'ma 1970 ndi 1980, Golf yoyambirira, Volvo 240, BMW E30 ndi Porsche 911 zakale, paipiyo imatseguka pamwamba, ndipo mumasintha zam'kati zokha.

Zina mwa galimotozi pochokera ku fakitale zinalibe katiriji n'komwe. Paipi yakunjayo ndiyo inali mosungira oyilo wa shoko. M'kati mwake munkangokhala kapaipi kowonda, pisitoni ndi mavalavu, zonse zikusambira mu oyiloyo. Choncho ngati pomasula munasolola ndodo yokhala ndi pisitoni pamtunda, ndi kapaipi kopanda chivindikiro, oyilo amene anatayika uja ndi amene ankagwira ntchito ya shoko yeniyeniyo. Koma ngati munasolola chinthu chotsekeka kale mbali zonse, ndiye kuti wina anaikamo katiriji m'mbuyomu, ndipo oyiloyo mwina anachita kuthiridwa dala, mwinanso anachucha kuchokera mu katiriji yakaleyo seal yake, labala yoletsa oyilo kuchucha pa ndodo, itatha. Mulimonse mmene zinalili, oyilo ameneyo ntchito yake yatha. Mukhuthuleni yense.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti poti munali oyilo, katiriji yatsopano ikufunanso oyilo kuti igwire ntchito. Ayi. Katiriji ndi shoko yathunthu payokha. Oyilo wake ali kale m'kati, anatsekeredwa ku fakitale, nthawi zambiri pamodzi ndi mpweya wa nitrogen. Oyilo amene mungathire m'paipi yakunja salowa mu katirijiyo, sakhudza pisitoni, ndipo safewetsa kapena kulimbitsa shoko ngakhale pang'ono. Amakhala kunja, m'kampata kapakati pa khoma la katiriji ndi khoma la paipi. Ntchito zake ndi ziwiri basi: kutulutsa kutentha, ndi kuletsa dzimbiri.

Nkhani ya kutenthayi ili motere. Tayala likagunda bampu, sipuling'i imafinyika kenako imafuna kubwerera mwamphamvu. Shoko imaletsa zimenezi pokankha oyilo kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta mavalavu. Mphamvu yonse imene shoko yalanda sipuling'i siisowa ayi, imasanduka kutentha. Mukayenda mtunda wautali pamsewu wa miyala kapena wa timizere tija timanjenjemeretsa galimoto, kagwireni shoko mukangoima, mudzaona kuti yatentha, ndipo pogwira ntchito yolemetsa imatha kupyola madigiri 100 a Celsius. Oyilo akatentha amapyapyala, amadutsa m'mavalavu mosavuta, ndipo shoko imafooka. Amayambanso kuchita thovu, ndipo pisitoni ikamakankha thovu m'malo mwa oyilo imangodutsa popanda choigwira. Woyendetsa amamva galimoto ikuyamba kuyandama ndi kudumpha, pomwe m'mawa inali bwinobwino. Kutentha kopitirira kumaumitsanso seal ya pandodo, ndipo seal ikauma shoko imayamba kuchucha.

Strut ya ku fakitale ija inalibe vuto lotulutsa kutenthaku, chifukwa oyilo wake ankakhudza paipi yakunja, ndipo paipiyo inkaombedwa ndi mphepo galimoto ikamayenda. Mukalowetsa katiriji, mwaika paipi m'kati mwa paipi inzake, ndipo pakati pake patsala mpweya. Mpweya sudutsitsa kutentha bwino. N'chimodzimodzi ndi fulasiki: madzi amakhalabe otentha chifukwa cha mpata uli pakati pa makoma ake awiri. Pa muyezo womwe akatswiri amagwiritsa ntchito poyeza mmene chinthu chimadutsitsira kutentha, mpweya uli pa 0.026, oyilo ali pafupifupi 0.13 mpaka 0.15, ndipo chitsulo chili cha m'ma 45 mpaka 50. Ndiye kuti oyilo amadutsitsa kutentha kasanu kuposa mpweya. Sakufika pa chitsulo, koma m'kampata ka milimita imodzi kusiyanaku n'kokwanira kuthandiza katiriji kupereka kutentha kwake ku paipi yakunja.

Kodi zimenezi n'zofunika bwanji kwa inu? Ndinene mosabisa. Ngati galimoto yanu imangoyenda pamsewu wa phula, mtunda waufupi, popanda katundu wolemera, kusiyana kwa kutenthaku simudzakumva pa chiwongolero. Pali galimoto zambirimbiri zomwe zinaikidwa makatiriji ouma ndipo zayenda zaka popanda vuto. Koma ngati imayenda m'misewu yoipa kwa maola, imanyamula katundu, kapena mumaithamangitsa m'mipikisano, oyilo ameneyu amathandiza ndithu. Ndipo kwa ine chifukwa chachiwiri chija, cha dzimbiri, ndiye chachikulu kuposa choyambachi kwa anthu ambiri.

Paipi ya strut yomwe munali oyilo kwa zaka zonse zija m'kati mwake mulibe penti. Ndi chitsulo chosakutidwa ndi chilichonse. Mukaitsuka n'kuikamo katiriji youma, madzi amapeza polowera kudzera m'mazinga a nati yaikulu ija, makamaka labala yoteteza fumbi ikang'ambika. Ngakhale madzi a mvula asalowe, mpweya wa m'katimo ukatentha n'kuzizira umasiya chinyezi pakhoma. Madziwo amatsikira pansi n'kukhala pomwepo popeza alibe potulukira. Pakapita zaka, dzimbiri limamata katiriji ku paipi. Amakaniko amene anakumanapo ndi katiriji yomatirira amadziwa ntchito yake: kugogoda, kutenthetsa, kuthira oyilo womasula dzimbiri, nthawi zina mpaka kutaya strut yonse. Choopsa kwambiri n'chakuti dzimbiri limadya paipiyo kuchokera m'kati komwe simukuona, ndipo paipi imeneyi ndi imene yagwira tayala lanu. Pagalimoto yakale yomwe paipi yatsopano ndi yosowa, kuisunga bwino paipi imene muli nayo ndi nkhani yaikulu.

Ena amatsutsa kuti madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho akalowa amamirabe n'kukakhala pansi. Zimenezo n'zoona. Oyilo saletsa madzi kulowa. Koma amanyowetsa khoma lonse, amadzaza malo amene mpweya wachinyezi ukanakhala, ndipo galimoto ikamagwedezeka amasakanikirana ndi timadzi tochepa tomwe talowa. Paipi yomwe munali oyilo mukaitsegula pakapita zaka imakhala yoyera m'kati kuposa yomwe inasiyidwa youma. Kumaiko ozizira kwambiri kuli vuto linanso: madzi akaundana m'kampata kaja amatukuka n'kufinya khoma la katiriji. N'chifukwa chake mapepala a makampani ena amanena kuti muthire antifreeze, madzi aja oziziritsa injini, m'malo mwa oyilo. Antifreeze saundana msanga, ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo amadutsitsa kutentha bwino kuposa oyilo amene. Pepala lanu likanena choncho, chitani choncho. Likangokhala chete, ine ndimasankha oyilo, chifukwa mankhwala oletsa dzimbiri a mu antifreeze amatha mphamvu pakapita zaka, ndipo m'paipi ya strut palibe amene amabwerako kudzasintha madziwo.

Tsopano tibwere kwa makaniko wanu wachiwiri uja, amene akuti muononga. Iyeyu ayenera kuti akuganiza za katiriji yozondoka ya paipi imodzi, yomwe pa Chingerezi amati inverted monotube. Makatiriji ambiri achikasu a Bilstein ndi a mtundu umenewu. Kuizindikira n'kosavuta. Katiriji wamba, monga zambiri za KYB, Monroe, Sachs, Boge ndi Koni, ndodo yake yonyezimira imakhala ya mamilimita cha m'ma 20 mpaka 22 kunenepa kwake. Yozondoka imaoneka ngati ili ndi ndodo ya mamilimita 30, 40 kapena kuposa. Koma chomwe mukuchionacho si ndodo ayi. Ndi thupi lenileni la shoko, momwe muli oyilo, pisitoni ndi mpweya wopanikizidwa kwambiri. Analizondotsa kuti likhale pamwamba, ndipo ndodo yeniyeni yowonda ili m'kati, yamangidwa pansi pa chikwama chakunja cha katirijiyo. Anachita zimenezi kuti strut ikhale yolimba galimoto ikamakhota, chifukwa paipi yonenepa siipindika ngati ndodo yowonda.

Thupi limenelo limalowa ndi kutuluka m'chikwama chake potsetsereka pa mabushi, timphete toligwira pakatikati, opakidwa girisi. Likamalowa limakankha mpweya womwe uli pansi pake, likamatuluka limaukokanso, ndipo mpweyawo umadutsa pa kabowo kapansi. Kunena kwina, katiriji imeneyi imapuma, ndipo imapumira m'paipi yanu ya strut. Mukathira oyilo m'paipimo, katiriji imamuyamwa kudzera pa kabowo kaja. Choyamba, oyiloyo amatsuka girisi wa pa mabushi, ndipo mabushi amayamba kutha ndi kugogoda. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye choipitsitsa, oyilo safinyika ngati mpweya. Akadzaza pansi pa chikwama, thupi la shoko limasowa kolowera. Galimoto imauma gwa ngati ilibe sipuling'i, bampu iliyonse imamveka m'msana, ndipo mphamvu yonseyo imakathera pa nati yaikulu ndi pa mounting yapamwamba, pomwe strut yamangidwa ku thupi la galimoto. Choncho pa mtundu umenewu paipi iyenera kukhala youma mbee, ndipo ngakhale oyilo wakale wotsalira pansi muyenera kumupukuta yense. Kutentha si vuto kwa katiriji imeneyi, poti thupi lake lili pamwamba pomwe pali mphepo. Dzimbiri mungaliletse popaka kagirisi kochepa kwambiri pakhoma la paipi, kosafika pa kabowo kopumira. Dziwaninso kuti makatiriji ozondoka ambiri ali kale ndi bump stop m'kati, ndiye labala yakunja yoletsa kugunda ija simuibwezeretsa. Pepala la m'bokosi lidzakuuzani.

Pali malo ena awiri omwe oyilo alibe ntchito. Mapaipi ena ali ndi bowo pansi lotulutsira madzi, ndipo oyilo angangotayikira pa bowolo n'kudonthera pafupi ndi mabuleki. Musalitseke bowolo, m'malo mwake onetsetsani kuti silinatsekeke ndi matope. Palinso makatiriji opangidwira ma strut omatidwa, amene umachita kudula pamwamba pa paipi, kuboola pansi, n'kumanga katiriji ndi bawuti yochokera pansipo. Amenewanso tsatirani pepala lake basi.

Tiyerekeze kuti yanu ndi katiriji wamba, ndodo yowonda, paipi yopanda bowo pansi. Oyilo wake ndi uti? Popeza salowa m'mavalavu, simufunika oyilo wapadera. Oyilo wa injini watsopano wopyapyala ndi wabwino. ATF, oyilo wofiira uja wa giyabokosi ya otomatiki, ndi wabwinonso, ndipo kufiira kwake kumathandiza tsiku lina kusiyanitsa oyilo amene munathira ndi oyilo wochucha mu katiriji. Oyilo wa mafoloko a njinga yamoto nayenso amagwira. Chimene simuyenera kuthira ndi brake fluid, chifukwa amayamwa madzi a mumpweya komanso amasupula penti. Madzi wamba ayi. Oyilo wakale wochokera mu injini ayinso, poti amakhala ndi chinyezi ndi asidi, ndipo mungakhale mukuthira dzimbiri lomwe mukufuna kulipewa. Kudzaza girisi m'kampatako sikuthandiza kwenikweni, chifukwa girisi sayenderera, amasiya matumba a mpweya, ndipo akachuluka pansi amaletsa katiriji kukhala bwino.

Kuchuluka kwake ndi kumene anthu amalakwitsa kwambiri, chifukwa paipi yopanda kanthu imaoneka yaikulu ndipo dzanja limafuna kuthira zambiri. Kumbukirani kuti katiriji ikalowa imadzaza pafupifupi malo onse. Tiwerengere limodzi mwachitsanzo. Paipi ikhale ya mamilimita 45 m'kati, katiriji ya mamilimita 43 kunja, kutalika mamilimita 350. Kampata konseko mungalowe mamililita 48 okha. Katiriji ikakhala ya mamilimita 44, malowo amatsika kufika pa mamililita pafupifupi 24. Mukuona kuti kusiyana kwa milimita imodzi kwadula malowo ndi theka. N'chifukwa chake sindingakupatseni nambala imodzi yokwanira galimoto zonse, ndipo 30 mpaka 50 ija ndi poyambira chabe.

Njira yabwino ndi kuyesa. Imikani paipi chilili. Thirani mamililita 30 pogwiritsa ntchito sirinji kapena kachikho koyezera. Lowetsani katiriji pang'onopang'ono, osaiponya, kuti mpweya uzituluka ndipo oyilo azikwera m'mbali. Ikafika pansi, isololeni n'kuona pomwe oyilo wanyowetsa khoma lake. Mukufuna afike masentimita 3 mpaka 5 kuchokera pakamwa pa paipi, osapyola pamenepo. Akachepa onjezerani pang'ono, akasefukira chotsani wina ndi sirinji n'kupukuta mazinga onse. Malo amene mwasiya pamwambawo ndi ofunika. Oyilo akatentha amatukuka, pafupifupi magawo 7 pa 100 aliwonse kutentha kukakwera ndi madigiri 100, ndipo strut pagalimoto imakhala yopendekeka, si chilili. Mukadzaza mpaka pakamwa, oyilo adzatulukira m'mazinga n'kuyenderera pa paipi. Pamenepo aliyense woyang'ana, kuphatikizapo oyeza galimoto ngati ili yoyenera pamsewu, adzati shoko yatsopanoyo ikuchucha. Choipa china n'chakuti oyilo wotsika pa strut amathera pafupi ndi disiki ya buleki, ndipo oyilo ndi mabuleki siziyenderana.

Musanathire, tsukani paipiyo bwinobwino. Pansi pake pamakhala matope a oyilo wakale, tizitsulo, nthawi zina ndi zidutswa za valavu yapansi ya strut yakale. Chilichonse chotsalira pamenepo chimakweza katiriji kapena kuipendeketsa. Tsukani ndi palafini kapena mankhwala otsukira mabuleki, pukutani ndi nsanza yomangirira kumtengo, kenako unikani ndi tochi. Yang'anani ngati paipi siinapindike, makamaka m'munsi pomwe yalumikizana ndi chitsulo chogwira tayala, ndiponso ngati mbale yokhalira sipuling'i siinadyeke ndi dzimbiri. Katiriji iyenera kulowa yokha mosavuta. Ikamafuna kugogodedwa ndi hamala, paipi ndi yopindika kapena katirijiyo si ya galimoto imeneyo. Mukamagwira paipi pa vayisi musaifinye pakati, mungaiphwanye n'kukanika kulowetsa chilichonse. Igwireni pa chitsulo chochindikala cha m'munsi.

Katiriji ya mapaipi awiri yomwe yakhala itagona m'bokosi nthawi yaitali imakhala kuti mpweya walowa komwe kumayenera kukhala oyilo yekha. Musanaiike, iimikeni ndodo ili m'mwamba, muikankhe mpaka pansi n'kuikoka mpaka pamwamba kangapo, mpaka mutamva kuti ikulimba mofanana ulendo wonse popanda malo ongodumpha. Mukatero musaigonekenso.

Tsopano nati yaikulu ija, yomwe m'mabuku amati gland nut. Ndikadafunsidwa kuti pa ntchito yonseyi n'chiyani chimavutitsa anthu kwambiri, sindikadatchula oyilo, ndikadatchula nati imeneyi. Ntchito yake ndi kupanikiza katiriji pansi pa paipi ndi kuigwira pakatikati. Iyenera kukathera pa phewa la katiriji, osati pakamwa pa paipi. Mukaimanga n'kuona kuti yalowa yonse mpaka yagunda paipi popanda zinga ngakhale limodzi lotsala kunja, kayikirani, chifukwa n'kutheka kuti yamangika pa paipi katiriji ili khwekhwe m'kati. Gwirani ndodo n'kuigwedeza m'mwamba ndi pansi, uku ndi uku. Thupi la katiriji lisasunthe ngakhale pang'ono. Likamasuntha ndiye kuti pakusowa washer kapena kamphete komwe kamayenera kukhala pansi kapena pamwamba, ndipo makatiriji ambiri amabwera nato timphete timeneti m'kathumba kamene anthu amataya limodzi ndi bokosi. Katiriji yosapanikizika imagogoda pa bampu iliyonse, ndipo oyilo amene munathira amatha kubisa phokosolo kwa kanthawi kenako limabwerera. Gwiritsani ntchito nati yatsopano yomwe yabwera ndi katiriji, chifukwa ya ku fakitale nthawi zambiri inapangidwira zam'kati zakale zija. Mazinga ake ndi aang'ono ndipo amapotoka msanga, choncho yambani kumanga ndi dzanja, kenako malizani ndi sipanala yake pa mphamvu yomwe buku la galimotoyo kapena pepala la katiriji lanena. Kumanga ndi tchizulo ndi hamala kumaononga nati ndipo simudziwa ngati yalimba. Pomanga, tetezani ndodo kuti sipanala isaikande.

Pa ndodo pomwepo ndionjezere: musaigwire ndi pulayala kapena chida chilichonse cha mano pomanga nati yapamwamba. Kachilonda kakang'ono pa ndodo kamang'amba seal nthawi iliyonse pamene ndodo ikulowa, ndipo shoko yatsopano imatha m'miyezi yochepa. Kunsonga kwa ndodo kumakhala pogwirira sipanala yaing'ono kapena allen key. Mfuti ya mpweya yomangira manati imazungulitsa ndodo yonse mwaliwiro ndipo ingamasule pisitoni m'kati, ndiye pamenepa isiyeni.

Sindingamalize osanena za sipuling'i, ngakhale simunafunse, chifukwa pa ntchito imeneyi ndi pomwe pali ngozi yeniyeni. Sipuling'i ya strut imakhala itafinyidwa ndi mphamvu yokwanira kunyamula ngodya yonse ya galimoto, makilogalamu mazana angapo. Nati yapamwamba pa ndodo ndi yokhayo imene yaigwira. Kumasula nati imeneyo sipuling'i isanagwidwe ndi chida chofinyira sipuling'i chotchedwa spring compressor kwathyola anthu manja, nsagwada ndi mano. Mawaya, zingwe kapena malamba si zogwirira sipuling'i. Ikani compressor mbali ziwiri moyang'anizana, mangani mosinthanasinthana pang'onopang'ono, ndipo musaike nkhope kapena chifuwa kutsogolo kwa sipuling'i yofinyidwa. Galimoto ikhale pa ma stand olimba, osati pa jeki yokha. Ngati mulibe compressor yabwino, chotsani strut yonse mupite nayo kwa amene ali nayo. Pobwezeretsa, onetsetsani kuti nsonga za sipuling'i zakhala m'malo mwake pa mbale yapansi ndi yapamwamba musanamasule compressor.

Poti strut yatseguka kale, yang'anani mounting yapamwamba ndi bering'i yake, bump stop, ndi labala yoteteza fumbi. Labala imeneyi ndi yotchipa pa zonsezi koma ndi imene imateteza ndodo ku mchenga ndi kuchepetsa madzi ofika pa nati yaikulu, choncho imagwira ntchito limodzi ndi oyilo wanu uja. Sinthani makatiriji mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, ndipo chimene mwachita kumanzere muchitenso kumanja, oyilo wofanana, muyezo wofanana. Mabawuti odutsa m'mabushi a labala muwamalize kumanga galimoto itatsika pa matayala ake, kuti labala isapotoke. Mukamaliza kapangitseni alignment, kuwongola kaimidwe ka matayala, chifukwa kuchotsa strut kumasuntha kaimidwe ka tayala ndipo matayala angayambe kudyeka mbali imodzi. Oyilo wakale musamutaye pansi kapena m'ngalande, musungeni m'chigubu pamodzi ndi oyilo wina wotha ntchito. Katiriji yakale yokhala ndi gasi musaiponye pamoto kapena kuidula ndi moto, imaphulika.

Mukayenda makilomita mazana angapo, tembenuzani chiwongolero mpaka kumapeto, kwezani labala yoteteza fumbi n'kuyang'ana pakamwa pa paipi. Nati yaikulu ikhale pomwe munaisiya, ndipo kachizindikiro ka penti kodutsa pa nati ndi pa paipi kamene mungaike tsiku lomanga kadzakuonetsani msanga ngati yasuntha. Mukapeza kachinyezi ka oyilo m'mazinga, pukutani n'kudzayang'ananso patapita masiku. Kakapanda kubwerera, anali wosefukira chabe pa amene munathira. Koma oyilo akamachokera pamwamba, pomwe ndodo ikulowa mu katiriji, ndipo akubwerabe mukapukuta, imeneyo ndi seal ya katiriji, ndipo katirijiyo iyenera kubwezedwa kapena kusinthidwa.